Kalata yotseguka kwa atsogoleri a boma la Ntcheu: achimwene anga si "chimenecho"

Kwa Bwanamkubwa wa boma la Ntcheu ndi makhansala onse, kwa Inkosi ya Makosi Gomani V ndi makosi athu onse, kwa akuluakulu a zaumoyo, a maphunziro ndi a polisi m'boma lino, komanso kwa abusa, ansembe ndi mashehe.

Bayethe Nkosi! Mabwana ndi madona, ndakulonjerani nonse ndi manja awiri.

Ndine mayi wa zaka 63, mphunzitsi wopuma pantchito. Ndinagwira choko zaka 34 m'sukulu za pulaimale za m'boma lino, ndipo lero ndimalima kachewere ndi kabichi kumtunda kuno, kumene ukangowoloka msewu wapezeka uli ku Mozambique. Mwambo ndikuudziwa: dandaulo limayambira kwa nyakwawa, likwere kwa gulupu, kenako kwa inkosi. Mundikhululukire kuti ndadumpha makwerero. Chandidumphitsa n'chakuti bala limene ndikulira naloli ndinalitengera pabwalo pomwepo, ndipo nditakhala pansi ndaona kuti si la pabwalo pokha. Lili kuchipatala, lili kupolisi, lili m'kalasi, nthawi zina lili paguwa penipeni. Sinditchula mudzi, ofesi kapena munthu. Sindikufuna kuti wina achotsedwe ntchito kapena alandidwe ufumu. Ndikufuna pakamwa pathu pasinthe, kuyambira pakamwa pa amene anapatsidwa mpando.

Ndili ndi mchimwene wanga wa zaka 51. Ndinamubereka kumsana ndine, koma lero ndimati achimwene chifukwa imvi zawamera. Anadwala mu 1998 ali ndi zaka 24, akugwira ukalipentala ku Limbe. Zinayamba ndi kusagona. Kenako anayamba kumva mawu amene ife sitinkawamva, n'kumakana nsima kuti mwathiridwa mankhwala. Tinachita zimene mabanja ambiri amachita: kwa sing'anga kutsidya kwa malire, kumapemphero ochezera usiku, ndipo, ndikuvomera ndi manyazi, pa chingwe cha ng'ombe kuseri kwa nyumba. Mu 2001 ndi pamene tinawakweza galimoto, kudzera pa Chingeni, Balaka, Liwonde, mpaka kuchipatala cha matenda a maganizo cha ku Zomba. Anagonako miyezi 3. Chibwerereni amabayitsa jakisoni kamodzi pamwezi. Amakhoma zitseko ndi mabenchi, ndipo mabokosi ambiri a maliro a m'mudzi mwathu anatuluka m'manja mwawo. Ku kwaya amaimba bezi. Papita zaka 9 matenda osawabwereranso.

Koma dzina lawo linatsalira ku Zomba. Kuno kwathu timalemekezana ndi mfunda. Munthu ukamutchula kuti a Ngozo, a Maseko, a Nangondo, wamuveka ulemu wa makolo ake onse. Achimwene ali nawo mfunda wawo, koma mukafika pamsika n'kuwafunsa ndi mfundawo, anthu angoyang'anana. Nenani kuti "wamisala wokhoma zitseko uja", mwana aliyense akuperekezani mpaka pakhomo.

Chimene chandilembetsa kalatayi chinachitika mwezi wathawu. Mayi athu anatisiyira dimba m'mbali mwa mtsinje, ndipo wachibale wina anagulitsa mbali yake kwa wogula mbatata, akunena kuti malire ali pa chulu. Nkhani inapita kubwalo. Pa anthu amoyo, amene amadziwa malirewo bwino ndi achimwene, chifukwa ndi amene ankakumba mayenje pamene mayi ankabzala nthochi za m'malire, ndipo zitsa zake zikadalipo. M'mawa wa tsikulo anameta ndevu, anavala jekete la ku kwaya. Itafika nthawi ya mboni anaimirira, anavula chipewa, anaomba m'manja katatu monga mwa mwambo. Asanamalize kupereka ulemu, mmodzi wa nduna anati: "Kodi bwalo lino lasowa anthu, kuti tiyambe kumvera wamisala?" Anthu anaseka. Wina kumbuyo anawonjezera kuti: "Chikhale pansi chimenecho, chingativulire pano." Phwete linabuka bwalo lonse. Amene ankayendetsa mlandu sanadzudzule aliyense, anangoti tipitirize ndi mboni ina.

Ndinawayang'ana achimwene. Sanakwiye, sanatukwane. Anapinda chipewa chija pakati, n'kukhala pansi pang'onopang'ono ngati nkhalamba ya zaka 90. Kunyumba sanadye masiku awiri. Tsiku lachitatu anandifunsa funso limene mpaka lero ndilibe yankho lake: "Achemwali, jakisoni uja ndimabayitsiranji, ngati ndikachira kapena ndisachire ndine yemweyo?"

Mundilole ndibwerere m'kalasi pang'ono, uphunzitsi sutha. Chichewa chathu chili ndi magulu a mayina. Munthu ali m'gulu lake: timati akubwera, wafika, adye. Chinthu chili m'gulu lina: chikubwera, chafika, chagwa. Tsono taonani kumene tinaika mayina otukwanira. Chitsiru. Chidzete. Chindere. Onsewo ali m'gulu limodzi ndi chitsa, chigumula ndi chinyama. Ukangomutcha munthu chidzete, lilime lokha limakukakamiza kupitiriza kuti chabwera, chikufuna chiyani, chichotseni. Wamutulutsa mwa anthu popanda kumukhudza ndi dzanja. Ndipo chinthu sichiperekera umboni, sichikhala ndi munda, sichimva manyazi, sichifunsidwa ngati chalola. Amene amati mawu ndi mphepo chabe sanaonepo dimba likuchoka m'manja mwa mwini wake chifukwa cha liwu limodzi.

Ena timawaika m'khola: mbuzi, bulu, galu. Ena timawayesa wailesi yowonongeka, akuti mawaya anaduka, netiweki palibe. Ndipo dzina la Zomba, mzinda umene unali likulu la dziko lino, kuno kwathu linasanduka chitonzo. "Akapimidwe ku Zomba." "Anathawa ku Zomba ameneyu." Mawuwa timawamva pamsonkhano wa ndale, pa wailesi, pamaliro. Mwina si pachabe. Malo osungirako odwala matenda a maganizo ku Zomba anayamba mu 1910 ngati chigawo cha ndende, ndipo chipatala chenichenicho chinadzatsegulidwa mu 1953. Lamulo limene linayendetsa chisamaliro cha odwalawa kwa zaka zoposa 70 linalembedwa ndi atsamunda mu 1948. Tinatengera kwa iwo maganizo akuti wodwala mutu ndi womutsekera, ndipo atsamunda atapita maganizowo anatsala m'kamwa mwathu.

Makolo athu sanali otero nthawi zonse. Iwo ndi amene anatisiyira mwambi wakuti wamisala anaona nkhondo. Anthu amene anayenda ulendo wautali kuchokera kumwera, akugona ndi nthungo pambali, ankadziwa kuti chenjezo silisankha pakamwa potulukira. Anatisiyiranso wakuti chitsiru chinaomba ng'oma, ochenjera navina. Pabwalo paja panali akuluakulu oidziwa miyambi imeneyi kuposa ine. Palibe anaikumbukira.

Ndilowe kuchipatala, kumene kumandipweteka kwambiri chifukwa ndi kumene timathawira. Ndiyambe ndi kuthokoza: alipo anamwino ndi madokotala amene asunga moyo wa achimwene zaka zonsezi, ena a iwo ophunzira ntchitoyi ku St John of God ku Mzuzu, oleza mtima ngati mayi woyamwitsa. Koma wodwala asanafike kwa iwo amadutsa pa geti, pa benchi ndi pa windo. Tsiku lina ndinawaperekeza achimwene pa chipatala china chaching'ono. Mzere unali wautali, amayi a sikelo mbali iyi, ife mbali iyo. Wina wovala yunifolomu anatuluka ndi mabuku a chipatala m'manja, n'kukuwa kuti: "Amisala dikirani kaye, tiyambe tathana ndi anthu." Tiyambe tathana ndi anthu! Sananene mwankhanza, ndikhulupirira sanamve n'komwe chimene wanena. Pa benchi pathu panali mnyamata wa sekondale atavala yunifolomu ya sukulu, mayi wa khanda amene mutu unasokonekera atangobereka, ndi bambo wina wa khunyu wokhala ndi chipsera cha moto pa mkono. Mnyamata uja anaweramitsa mutu, anaimirira ngati akupita kuchimbudzi, ndipo sanabwererenso.

Mabwana a zaumoyo, inu mukudziwa kuposa ine chimene chimachitika munthu akasiya mankhwala amenewa. Mwezi woyamba palibe chooneka. Wachiwiri tulo tayamba kuthawa. Wachitatu banja likufuna chingwe, likugulitsa mbuzi kuti lipeze thiransipoti, ndipo boma likuwononga mafuta a ambulansi ndi bedi ya ku Zomba pa munthu amene akanatha kukhala bwino ndi jakisoni mmodzi pamwezi. M'mabuku anu mudzalemba kuti wodwalayo anathawa mankhwala. Simudzalemba chimene chinamuthawitsa. Pamalo ena ochitira malonda, tsiku la kiliniki imeneyi anyamata a kabaza amalitcha "tsiku la openga", ndipo alipo anthu amene amalolera kulipira njinga kupita kuchipatala chakutali kuti asaonedwe pa benchi ya kwawo.

Za khunyu ndinene mwapadera, chifukwa anthu ake timawaunjika pamodzi ndi onse n'kuwatcha ozerezeka. Khunyu ndi matenda a mu ubongo. Ena limawayamba atadwala malungo aakulu ali ana, ena chifukwa chovutika pobadwa, ena atavulala m'mutu, ndipo ngozi za njinga zamoto zikutiwonjezera otere. Ena limabwera ndi mazira a njoka za m'mimba zochokera ku nkhumba, nyama imene timaikonda kuno. Silipatsirana ndi thovu la m'kamwa kapena mpweya wa wodwala. Koma chifukwa cha chikhulupiriro chimenecho, mwana akagwa pafupi ndi moto anthu amabalalika m'malo momukoka. Mapiritsi otchipa ngati phenobarbitone ndi carbamazepine amathandiza ambiri kukhala zaka osagwa. Ndikudziwa mtsikana amene anasiya sukulu mu Sitandade 6, osati chifukwa cha kugwako, koma chifukwa anzake anamupatsa dzina la "Chigwegwe" ndipo palibe ankafuna kukhala naye desiki imodzi.

Apa ndiyenera kudziimba mlandu ndekha, kuti aphunzitsi anzanga asati mayiyu wapuma ndiye wayamba kuyera. Ndinatukwanapo ana. M'kalasi la ana 120, dzuwa likuswa mtengo, choko chatha, mawu akuti mbuli iwe amatuluka okha. Panali mnyamata wina mu Sitandade 3 amene ndinkamutcha chitsiru pafupifupi tsiku lililonse. Ndikamufunsa funso ankangondiyang'ana kukamwa kuli yasa. Anabwereza kalasi kawiri, kenako anasowa. Patapita zaka ndinakumana naye pamsika wa Lizulu akugulitsa anyezi, akuwerengera chenji mwachangu kuposa ine. Mkazi wake ndi amene anandiuza kuti khutu lake limodzi silimva chibadwire, linalo limamva pang'ono. Ankandiyang'ana pakamwa paja kuti awerenge milomo yanga, ine n'kumamukhazika kumbuyo kwenikweni, kumene tinkaika "mbuzi". Anandipatsa moni mwaulemu, n'kundiwonjezera anyezi wa basela. Anyezi ameneyo ndinalephera kumudya. Dziko lino lili ndi koleji ya Montfort ku Chiradzulu yophunzitsa aphunzitsi a ana ofunika thandizo lapadera, koma mwana amene tamutcha kale mbuli palibe amaganiza zomutumiza kukapimidwa makutu kapena maso. Dzinalo limakhala ngati layankha kale funso lonse.

Kupolisi nkhani yake ndi yolemera, ndiifotokoza mwachidule chifukwa ndi ya mwana wa eni. Mtsikana wa zaka 17, wochedwa kumva zinthu chibadwire, anapezeka ndi pakati. Anamutchula mwamunayo, anasonyeza nyumba, ananena ngakhale mtundu wa bulangete. Mayi ake atapita kukadandaula, woyamba kukumana naye anawafunsa kuti: "Chidzete chingaloze munthu, mayi? Kakambiraneni kumudzi." Kumudzi nkhani inathera pa mbuzi imodzi. Lamulo la milandu, Penal Code, pa ndime 139 limaletsa kugona ndi munthu wotere, ngakhale kuti kwa zaka zambiri ndime yomweyo inkawatchula anthuwa ndi mawu achingerezi akuti "idiot" ndi "imbecile", amene kwathu kuno ndi chidzete chomwecho. Amuna oipa amadziwa kusankha. Amapita kwa amene akudziwa kuti akalankhula anthu aseka. Aliyense amene amaseka amakhala akuwalondera pakhomo.

Zina ndingodutsamo. Polemba mayina a Mtukula Pakhomo kapena a fetereza wotsika mtengo, ndamvapo komiti ikunena kuti "uyu musamulembe, angakagule chiyani wamisala", dzina lake n'kulowedwa ndi wachibale amene samupatsa ndi phala lomwe. Padepoti anyamata amavinitsa mayi wina wodwala ndi K200, kumujambula pa foni, vidiyo n'kuzungulira m'magulu a WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo m'magulumo muli anthu a maudindo amene amayankha ndi tinkhope toseka. Mayi ameneyo ali ndi ana kusukulu, ndipo anzawo ali ndi mafoni. Kutchalitchi ndamvapo mlaliki akuloza wodwala amene wakhala kumbuyo kuti ndi chitsanzo cha malipiro a tchimo. Abusa anga, pa Mateyu 5 vesi 22 pali chenjezo loopsa kwa wotcha mbale wake chitsiru, ndipo pa Marko 3 vesi 21 abale ake a Yesu nawonso ankamuyesa wozungulira mutu. Sindikuphunzitsani ntchito, ndikungokumbutsa.

Ndikudziwa zimene ena anene akawerenga kalatayi. Ati mayiyu akufuna kutiletsa nthabwala. Ayi. Asuweni azinyozana monga mwa chisuweni, adzukulu aziseketsa anamfedwa kumanda, anzanga a ku banki m'khonde azinditcha wamisala ndikagula nsapato zodula, ndiseka nawo. Nthabwala imakoma pakati pa anthu oti winayo angabweze. Achimwene pabwalo paja akanabweza chiyani? Akanakweza mawu pang'ono pokha, bwalo lonse likanati mwaona, zayambanso. Munthu wotchedwa wamisala ndi yekhayo m'mudzi amene saloledwa kukwiya.

Ena ati odwalawa ndi oopsa. Sindibisa: mu 2000 achimwene anaswa magalasi a nyumba ya aneba, ndipo tinalipira. Munthu matenda akamukulira amafunika kugwiridwa, nthawi zina ndi amuna anayi. Koma ndakhala zaka 63 ndipo anthu amene ndawaona akutemana ndi zikwanje ambiri anali a mutu wabwinobwino, atakhuta kachasu kapena akulimbirana malire. Odwala amene ndikuwadziwa amagendedwa kuposa mmene amagendera. Enanso ati n'zachamba, anazifuna okha. Zoona chamba ndi mowa zawononga anyamata ambiri. Koma wothyoka mwendo ataledzera timamuika pulasitala, sitimutcha chipunduko moyo wake wonse. Ndipo mayi wa khanda uja pa benchi anasuta chiyani?

Chimene chimandilimbitsa mtima n'chakuti dziko lino linasinthapo kale kalankhulidwe, ine ndikuona ndi maso. M'zaka za m'ma 1990 tinkanong'onezana za kaliwondewonde ndi magawagawa, wodwala akuwola yekha m'nyumba. Mafumu, mipingo, wailesi ndi achipatala atagwirizana, mawuwo anachita manyazi, ndipo lero munthu amanena poyera kuti ndikupita kukatenga ma ARV. Mawu akuti napweri ndi mzungudala tinakula nawo ngati abwinobwino. Abale athu achialubino atayamba kuphedwa, tinazindikira kumene mawu amafikitsa, ndipo lero mfumu yodzilemekeza singawatchule pabwalo. Amene tinkawatcha opunduka lero timati anthu aulumali. Sizinasinthe zokha. Anayamba ndi anthu okhala pamipando ngati yanuyi.

Malamulonso alipo kale, sindikupempha atsopano. Malamulo oyendetsera dziko lino a mu 1994, pa ndime 19, amati ulemu wa munthu aliyense sungaphwanyidwe, ndipo ndime 20 imaletsa tsankho, kuphatikizapo la chifukwa cha ulumali. Mu 2009 Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali. Tinakhala ndi lamulo la anthu aulumali mu 2012, ndipo la mu 2024 linabweretsa bungwe loona za anthu aulumali la MACODA m'malo mwa MACOHA. Ndime 182 ya Penal Code imaletsa mawu otukwana oputa chisokonezo, ndipo lamulo la mu 2016 la za pa intaneti limaletsa kuzunza munthu kudzera pa foni. Ngakhale kukhoti la boma, munthu sakanizidwa kupereka umboni chifukwa choti anadwalapo. Woweruza amayamba waona ngati akumva mafunso ndi kuyankha zomveka. Koma malamulo onsewa amathera ku Lilongwe ndi pa boma. Safika pansi pa mtengo wa kachere pamene pamagawidwa minda.

Tsono zopempha zanga ndi izi.

1. Kwa Inkosi ya Makosi ndi makosi onse: lamulani magulupu ndi nyakwawa kuti pabwalo lililonse munthu aziitanidwa ndi dzina kapena mfunda wake, ndipo aliyense azimvedwa mpaka amalize, kaya anagonapo ku Zomba kaya ayi. Umboni wake uziyesedwa ngati wa wina aliyense: ngati wanama, agwidwe ndi bodza lake, osati ndi buku lake la kuchipatala. Wotukwana mboni alipe chindapusa pompo, monga amalipira wobwera pabwalo ataledzera. Nkhuku imodzi ingaphunzitse mudzi kuposa semina ya masiku atatu. Ndipo mawu amenewa atanenedwa pa mwambo wa Umhlangano ku Nkolimbo, pamene Angoni onse a Maseko atchera khutu, angafike kumene kalata yanga singafike.

2. Kwa akuluakulu a zaumoyo: phunzitsani onse amene wodwala amakumana nawo, kuyambira mlonda wa pa geti, wokolopa, wolemba mabuku ndi wa pa windo la mankhwala, osati anamwino okha. Kiliniki ikhale ndi dzina loti munthu angalitchule pamaso pa apongozi ake, ndipo odwala aziitanidwa ndi mayina awo. Alangizi a zaumoyo a m'midzi, amene amadziwa kale khomo lililonse, azilondola wodwala amene wadumpha mwezi asanafike pa chingwe. Ndipo jakisoni ndi mapiritsi a khunyu azipezeka m'zipatala zazing'ono, chifukwa ulemu wopanda mankhwala sugonetsa munthu tulo.

3. Kwa apolisi: dandaulo lokhudza munthu wodwala maganizo kapena wochedwa kumva lizilembedwa ngati lina lililonse ndi kupita ku ofesi yothandiza ozunzidwa ya Victim Support Unit, a zachisamaliro cha anthu aitanidwe, ndipo mlandu wogwiririra usabwezedwe kumudzi. Apolisi a m'midzi auzidwenso kuti ntchito yawo pamsika ndi kuteteza wodwala kwa ogenda, osati kumuthamangitsa ndi zikoti.

4. Kwa akulu a maphunziro: alangizi a m'mazoni akambirane ndi aphunzitsi za mawu a m'kalasi, ndipo mwana aliyense amene wabwereza kalasi kawiri apimidwe makutu ndi maso asanapatsidwe dzina. Ngati mukufuna munthu wokaima kutsogolo n'kuvomereza kuti anachimwa, ine ndilipo, thiransipoti ndidzilipirira.

5. Kwa Bwanamkubwa ndi khonsolo: m'kaundula wa thandizo lililonse, wodwala alembedwe m'dzina lake, ndipo ngati pakufunika womulandirira, asankhe yekha kapena afunsidwe pamaso pa komiti. Oyang'anira misika ndi madepoti aletse kuvinitsa ndi kujambula odwala. Pa 10 Okutobala, tsiku lokumbukira umoyo wa maganizo padziko lonse, mwambo usathere mu holo ya pa boma ndi mafanta. Upite ku Tsangano, ku Kasinje, ku Bilira, ku Senzani, ndipo oyankhula akhale odwala amene anachira pamodzi ndi owasamalira. Bungwe lawo lilipo, la MeHUCA. Liitaneni lidzatithandize kuyambitsa magulu kuno.

6. Kwa andale a zipani zonse: tsutsanani za fetereza, za misewu, za mijigo. Mdani wanu mutcheni wabodza ngati wanama, wakuba ngati khoti lamupeza. Koma mukaima pa nsanja n'kunena kuti akapimidwe ku Zomba, m'khamu lokuomberani m'manjalo muli anthu amene anapitako, ndipo ali ndi ziphaso zovotera.

7. Kwa atsogoleri a mipingo ndi mizikiti: pemphererani odwala, koma musawauze kuti ataye mankhwala monga umboni wa chikhulupiriro. Amene achira apatseni ntchito mumpingo, asamangokhala a pa benchi ya kumbuyo.

Wina afunsa kuti nanga tiziti chiyani, poti mawu akuti wamisala ndi amene tinabadwa nawo. Ine si katswiri wa chiyankhulo, koma pakhomo pathu timati achimwene amadwala matenda a maganizo, monga timanenera kuti atsibweni amadwala shuga. Munthu patsogolo, matenda pambuyo. Timati mwana wa khunyu ali ndi matenda akugwa, timati uyu amachedwa kumva. N'kutheka kuti mawu amenewanso tsiku lina adzatha ntchito, ana adzawasandutsa chitonzo, ndipo tidzafuna ena. Koma pamene munthu ali ndi dzina ndi mfunda, kawirikawiri sipafunikanso liwu lina.

Mlandu wa dimba uja sunathe. Titadandaula, atiuza kuti ubwerezedwe mwezi wamawa, ndipo akuti bwalo likayendera malire. Ndinawauza achimwene kuti ulendo uno ndikalankhula ndine, iwo akhale kunyumba. Akana. Dzulo ndinawapeza kudimba ndi khasu, akufukula zitsa za nthochi zija chimodzichimodzi kuti zikaoneke bwino, ndipo azipeza 14, mzere wake wadutsa kutali ndi chulu. Jekete la ku kwaya lachapidwa kale, lili pa msomali. Akuti akaimanso, akavula chipewa, akaomba m'manja katatu. Ndikupempha kuti uthenga wanu ufike pabwalopo iwo asanafike.

Bayethe Nkosi. Zikomo mabwana ndi madona.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma, mchemwali wa kalipentala,
kumtunda kwa Ntcheu.